N'cifukwa ciyani malo ali ndi miyeso itatu?

Munthu akafuna kumanga nyumba ya njerwa amayeza zinthu zitatu. Amayeza mulitali, amayeza mulifupi, kenaka amayang'ana kumwamba n'kuganizira msinkhu wa khoma. Akatha pamenepo palibenso coyeza. Kaya ndi nyumba, kaya ndi bokosi la zovala, kaya ndi dzenje la cimbudzi, miyeso ndi itatu yomweyo. Kulikonse kumene mungapite, mumayenda kutsogolo kapena kumbuyo, kumanja kapena kumanzere, kumwamba kapena pansi. Njira yacinayi palibe amene angailoze ndi cala.

Tinazolowera zimenezi moti kufunsa kuti bwanji miyeso ili itatu kumamveka ngati funso la munthu wosowa zocita. Koma akulu anati safunsa anadya phula. Anthu ena anafunsa, ndipo anapeza kuti funsoli n'lomangika pamodzi ndi mphamvu imene imagwetsa mango pansi, imene imasunga mwezi pafupi ndi ife, ndiponso imene imayendetsa dziko mozungulira dzuwa. Kusukulu, m'Cipwitikizi, mphamvuyi amaichula kuti gravidade. Muno tiziicha mphamvu yokoka. Ndifuna tione limodzi mmene ziwirizi zimagwirizanirana, kenaka tifunse funso lovutirapo: munthu akapeza kuti dziko n'lomuyenera bwino cotere, ali ndi ufulu wonena ciyani, ndipo sayenera kunena ciyani?

Udzu wa padenga

Aliyense amene anaothapo moto usiku wa cisanu ku Angónia akudziwa kuti ukasendera kumbuyo pang'ono, kutentha kumacepa msanga kuposa mmene wasenderera. Cifukwa cake omanga nyumba amacidziwa kale, ngakhale sanacilembe papepala.

Taganizani za munthu amene ali ndi nyumba yozungulira, ndipo afuna kumanga ina yofanana nayo koma yaikulu kawiri mbali zonse. Mitengo yozika mozungulira khoma idzafunika yoculuka kawiri. Koma udzu wofolera denga sudzakwana ukangoculuka kawiri. Denga lakula kawiri uku, lakulanso kawiri uku, ndiye lifuna udzu woculuka kanayi. Akaumirira kufolera ndi mitolo yomwe ija ya nyumba yaing'ono, udzu udzayalika mopyapyala, ndipo pamene panali mitolo inayi padzakhala mtolo umodzi.

Mphamvu yokoka ya dzuwa ili ngati mitolo yowerengeka imene iyenera kufolera denga lozungulira dzuwa mbali zonse. Mukatalikira kawiri, dengalo lakula kanayi, ndipo mphamvu imene ikufikani ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Mukatalikira katatu, ndi gawo limodzi mwa 9. Mukatalikira kakhumi, ndi gawo limodzi mwa 100. Lamulo limeneli analifotokoza Isaac Newton wa ku England m'buku lake la m'caka ca 1687.

Newton sanangolinena pakamwa, analiyesa ndi mwezi. Tikayeza kucokera pakatikati pa dziko, mwezi uli kutali pafupifupi ka 60 kuposa mmene ife taliri. Tikaculukitsa 60 ndi 60 tipeza 3600. Ngati lamulo lili loona, dziko liyenera kukoka mwezi mofooka ka 3600 kuposa mmene limakokera mwala pano. Mwala ukautaya umagwa pafupifupi mamita 5 m'sekondi yoyamba. Tikagawa mtunda umenewu ndi 3600 titsala ndi milimita imodzi ndi kacidutswa. Ndipo zoonadi, pa sekondi iliyonse mwezi umapatuka panjira yowongoka n'kukhotera kwa ife ndi mtunda womwewo. Mwezi ukugwa nthawi zonse, koma cifukwa cothamangira cam'mbali, umagwa mozungulira dziko osalipeza.

Miyeso ikanakhala ina

Onani tsopano pamene pagona nkhani. Nambala 4 ija yacokera ku denga, ndipo denga limakula kanayi cifukwa malo ali ndi miyeso itatu. Miyeso ikasintha, lamulo lisinthanso.

Tiyerekeze dziko la muyeso umodzi, lokhala ngati mzere. Mphamvu ilibe komwazikira, ili ngati madzi oyenda m'paipi yosadontha. Kaya muli pafupi, kaya muli kutali, kukoka n'kumodzimodzi.

Tiyerekeze dziko la miyeso iwiri, lafulati ngati mphasa, lopanda kumwamba ndi pansi. M'menemo mulibe denga, muli mpanda wokha. Mphamvu imagawika monga mitengo yozika ija: mukatalikira kawiri imatsala theka. Kukoka kotere kumacepa pang'onopang'ono kwambiri moti palibe cinthu cingathawe kotheratu. Mwala ngakhale muuponye ndi mphamvu yotani, tsiku lina udzabwerera. Uku n'kuwerenga motsata Newton. Tikawerenga motsata nzeru zimene Albert Einstein anamaliza mu 1915, dziko lafulati limadabwitsa koposa, cifukwa m'menemo zinthu zotalikirana sizikokana n'komwe.

Tiyerekeze dziko la miyeso inayi. Maso a mtima sangalione, koma masamu amaliwerenga popanda vuto. Denga lake limakula mbali zitatu, ndiye mukatalikira kawiri mphamvu imatsala gawo limodzi mwa 8. M'dziko la miyeso isanu imatsala gawo limodzi mwa 16. Muyeso uliwonse wowonjezera umatsegula khomo lina limene mphamvu imathawiramo.

Zimene Ehrenfest anapeza

Mu 1917 Paul Ehrenfest, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Leiden ku Holland, anafunsa kuti dziko longa lathu lingayende bwanji mozungulira dzuwa m'malo a miyeso inayi kapena kuposerapo. Yankho lake lingamveke kwa aliyense amene anazunguzapo mwala womanga pacingwe.

Pozunguza mwala pamalimbana zinthu ziwiri. Cingwe cimakokera mkati, mwala umafuna kuthawira kunja. Mukafupikitsa cingwe mwala uli mkati mozungulira, umathamanga kwambiri. Cingwe cikatsala theka, liwiro limawirikiza kawiri, ndipo kufuna kuthawa kumakula ka 8. Cingwe cikatalika kawiri, kufuna kuthawa kumatsika mpaka gawo limodzi mwa 8.

Tsopano m'malo mwa cingwe ikani mphamvu yokoka ya dzuwa. M'malo athu a miyeso itatu, dziko likasendera pafupi ndi dzuwa mpaka theka la mtunda, kukoka kumakula ka 4 pamene kufuna kuthawa kumakula ka 8. Kuthawa kwapambana, dziko libwerera kunja. Likatalikira kawiri, kukoka kumatsala gawo limodzi mwa 4 pamene kuthawa kumatsala gawo limodzi mwa 8. Kukoka kwapambana, dziko libwerera mkati. Likasokera mbali iliyonse, pali colibweza.

Zimenezi zimacitika caka ndi caka ife tili pompano. Kumayambiriro kwa mwezi woyamba wa caka, pamene tili kalikiliki kupalira cimanga, dziko limakhala pafupi ndi dzuwa, pa makilomita pafupifupi 147 miliyoni. Kumayambiriro kwa mwezi wacisanu ndi ciwiri, zokolola zili m'nkhokwe, limakhala patali, pa makilomita pafupifupi 152 miliyoni. Limasendera n'kubwerera, kusendera n'kubwerera.

M'malo a miyeso inayi, kukoka kumakula ka 8 ndipo kuthawa kumakulanso ka 8. Palibe copambana cinzake, ndiye palibe cobweza. Dziko likakankhidwira mkati pang'ono pokha, lidzapitirira mpaka kugwera m'dzuwa. Likakankhidwira kunja, lidzapita kumdima osabwereranso. M'miyeso isanu zinthu n'zoipirapo, cifukwa pafupi kukoka kumapambana ndipo patali kuthawa kumapambana, zosiyana ndi zimene zimafunika. Ehrenfest anaonanso kuti vuto lomweli lingagwere maatomu, tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga thupi, madzi ndi dothi, pakuti mphamvu ya magetsi imene imawagwira imamwazika mofanana ndi mphamvu yokoka. M'dziko lotero simungakhale munda, ngakhale munthu woulima.

Nanga miyeso iwiri? M'menemo, mwa kuwerenga kwa Newton, dziko likhoza kuzungulira dzuwa osagwa, koma mavuto ali kwina. Pamphasa njira ziwiri sizingadutsane popanda kudulana, pakuti palibe pamwamba pomanga mlatho. Camoyo cokhala ndi njira ya cakudya yocokera kukamwa mpaka kotulukira cingagawike zidutswa ziwiri. Mfundo ya cingwe siingamangike, cifukwa cingwe cilibe podutsira pamwamba pa cinzake. Cozizwitsa n'cakuti m'miyeso inayi mfundo siigwiranso: cingwe cimapeza njira yolambalala ndipo mfundo iliyonse imamasuka yokha. Luzi limene timamangira denga, ndi cingwe cimene timamangira mbuzi, zimagwira m'miyeso itatu yokha.

Tinene ciyani pamenepa?

Anthu oganiza anayankha m'njira zosiyana, ndipo aliyense wa ife akamvetsera adzapeza mnzake pakati pawo.

Immanuel Kant wa ku Königsberg, m'buku lake loyamba limene analemba ca m'ma 1747 ali mnyamata, anaona kale kuti lamulo la Newton ndi miyeso itatu n'zapacibale. Iye anaganiza kuti lamulo la mphamvu ndilo limabala miyeso, ndi kuti lamulo lina likanabala malo a mtundu wina. Ambiri lero amaiona nkhaniyi motembenuza, kuti miyeso ndiyo imabala lamulo. Koma Kant anatsegula khomo lalikulu: anayerekeza kuti malo akanatha kukhala mwina. Cimene cikanatha kukhala mwina cimafuna kulongosoledwa.

William Paley, mbusa wa ku England, m'buku lake la mu 1802 anati mwa malamulo ambirimbiri a kukoka amene akanatheka, ocepa okha ndiwo angasunge maiko m'njira zawo, ndipo lathu lili mwa ocepawo. Kwa iye cimeneci cinali cizindikiro ca dzanja la Mlengi amene anasankha.

Gerald Whitrow wa ku London, mu 1955, anayankha mwina. Iye anati tisadabwe kupeza miyeso itatu, pakuti m'malo a mtundu wina simukanakhala munthu wofunsa funsoli.

Ine ndimaona kuti mwa awiri omalizawa aliyense wagwira mwendo umodzi wa nyama, ndipo aliyense angalakwe akayesa kuti wagwira nyama yonse.

Titenge Whitrow. Mlendo akayenda midzi yonse ya m'malire muno adzapeza kuti mudzi uliwonse uli pafupi ndi madzi, kaya mtsinje, kaya citsime, kaya dambo. Angadabwe n'kunena kuti anthu a kuno ali ndi mwayi, madzi amawatsata. Ife tingamuseke, cifukwa tikudziwa kuti pamene panalibe madzi mudzi sunakhalitse. Uku ndiko kuona kwa Whitrow, ndipo n'koona. Koma kumagwira bwino pokhapokha ngati malo ouma aliko ndithu, ndipo ife tangopezeka pamalo onyowa. Kodi maiko a miyeso inayi ndi isanu aliko kwinakwake, opanda anthu? Palibe amene anawaonapo. Ndiponso kudziwa cifukwa cimene mudzi uli pafupi ndi kasupe sikutiuza cifukwa cimene kasupeyo amatumphukira pamenepo. Amene amati Whitrow anatseka nkhani wafulumira.

Titenge Paley. Iye anaona lamulo la kukoka ngati cinthu cosankhidwa pacokha. Koma taona kuti nambala 4 ija imatuluka yokha m'miyeso itatu, monga udzu wa padenga. Kudabwa sikunathe, kwangosendera kumbuyo phazi limodzi: tsopano tikufunsa za miyeso. Ndipo tsiku lina munthu angapeze cifukwa ca miyeso itatu, kudabwa n'kusenderanso. Munthu amene wamanga cikhulupiriro cake pa mpata umene nzeru za anthu sizinafikepo adzakhala wosamukasamuka, ngati womanga nyumba m'khonde la mtsinje. Wokhulupirira ali ndi ufulu wonse woyamika Mulungu akaona dziko likubwerera m'njira yake caka ndi caka. Koma kuyamika ndi kwina, umboni ndi wina. Masamu a Ehrenfest sakakamiza munthu kukhulupirira, sakakamizanso munthu kukana. Amangonena kuti moyo wonga wathu umafuna miyeso itatu. Ulemu woyamba umene tingapatse coonadi ndi kusaciyankhulitsa mawu amene sicinanene.

Anthu awiri ndi muyeso wacinayi

Wina angati zonsezi n'zakutali ndi mudzi. Sizili kutali, ndipo ndionetsa cifukwa cake.

Mbuzi imatsekeredwa ndi mpanda, cifukwa imayenda pansi pokha. Kabawi mpanda sumuletsa, amatsika kucokera kumwamba n'kutenga mwanapiye pakati pa bwalo lochingidwa. Nyerere ikanakhala yosadziwa za kumwamba, ikanati mwanapiye wasowa mwamatsenga. Momwemonso, camoyo ca muyeso wacinayi cikanatha kutapa cimanga m'nkhokwe yomata bwino popanda kuboola. Edwin Abbott analemba nthano yotere mu 1884, ya anthu okhala m'dziko lafulati amene anacezeredwa ndi mlendo wa miyeso itatu.

Mwamva kale kumene maganizo otere angatitengere. Cimanga cikatha msanga m'nkhokwe, pamamveka manong'onong'o akuti wina akukawa ndi mankhwala, ndipo kawirikawiri cala cimaloza gogo wosauka wopanda womuteteza. Mwana wophunzira akabwera n'kunena kuti ngakhale asayansi amavomereza za miyeso yosaoneka, manong'onong'o aja apeza ndodo yoyendera. N'cifukwa cake tiyenera kudziwa bwino zimene asayansi anacita ndi ganizo limeneli.

Mu 1877 ku Leipzig, m'dziko la Germany, kunali katswiri wa nyenyezi dzina lake Johann Zöllner. Iye ankadziwa kuti m'miyeso inayi mfundo ikhoza kumangika kapena kumasuka pacingwe cimene nsonga zake n'zomatidwa. Kunafika munthu wa ku America, Henry Slade, wodzicha woyankhula ndi mizimu, amene caka capitaco anazengedwa mlandu wa cinyengo ku London. Slade anamuonetsa mfundo zitamangika pacingwe comatidwa, ndipo Zöllner anakhulupirira kuti mizimu yagwira nchito kudzera m'muyeso wacinayi, nalemba zimenezi m'mabuku. Masamu ake anali olondola. Cimene cinamugwetsa n'cakuti ankafunitsitsa kuti zikhale zoona, ndipo anaiwala kuti manja a munthu wocenjera amathamanga kuposa maso.

Ena anayenda njira ina. Theodor Kaluza mu 1921 anaganiza kuti muyeso wowonjezera ungakhalepo, ndipo Oskar Klein mu 1926 anati ungakhale wopindika n'kukhala waung'ono zedi, monga cingwe cimene patali cimaoneka ngati mzere pamene nyerere ikhoza kucizungulira. Mu 1998 akatswiri atatu, Arkani-Hamed, Dimopoulos ndi Dvali, anati mwina miyeso yotere ndiyo imacititsa kuti mphamvu yokoka ikhale yofooka, pakuti kamaginito kakang'ono kamanyamula msomali pamene dziko lonse likuukokera pansi. Iwo anati mwina mphamvuyi imadonthera m'miyeso yobisika, imene ingakule mpaka pafupifupi milimita imodzi. Koma sanalekere pamenepo. Ananenanso cimene cingawatsutse: ngati zili conco, zinthu ziwiri zikayandikana kwambiri, kukoka kuyenera kukula msanga kuposa mmene Newton ananenera.

Ofufuza a pa yunivesite ya Washington ku Seattle anakhala zaka zambiri akuyesa zimenezi ndi tizitsulo topacikidwa pa kaulusi kopyapyala, akuteteza zida zawo ku kamphepo, ku magetsi ndi ku kugwedezeka kwa nthaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2020 analengeza kuti afika pa mpata wa mamilimita 0,052, wonga kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo lamulo la Newton linagwirabe. Mbali ya kutali nayo inayesedwa. Pa 17 mwezi wacisanu ndi citatu mu 2017, zida zinamva mafunde a mphamvu yokoka ocokera ku nyenyezi ziwiri zimene zinagundana, ndipo kuwala kwa kugundanako kunaonekanso. Mafundewo anayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni. Akanakhala akudonthera m'miyeso ina panjira, akanafika ofooka kuposa mmene mtundawo umanenera. Anafika ndi mphamvu yoyembekezeka m'miyeso itatu.

Izi sizitanthauza kuti miyeso yobisika kulibiretu. Ikhoza kukhalapo yaing'ono kwambiri moti zida za lero siziifikira. Koma ngati ilipo, ndi yocepa kuposa tsitsi, ndipo njere ya cimanga siingadutsemo.

Zöllner ndi anthu a ku Seattle onse ankaganiza za cinthu cosaoneka, ndipo palibe colakwa pamenepo. Kusiyana kwawo n'kwakuti a ku Seattle anayamba afunsa kuti: ngati ganizoli lili loona tidzaona ciyani, ndipo ngati lili labodza tidzaona ciyani? Anapita kukayang'ana ali okonzeka kulandira yankho lililonse. Funso limenelo silifuna yunivesite. Nkhokwe ikapunguka, tikhoza kuyamba tawerenga madengu amene tinathiramo, pakamwa pamene pakhala pakudya, alendo amene anabwera pamaliro, cimanga cimene cinapita kumsika ndi kumowa, ndiponso kuyang'ana pansi pa nkhokwe ngati pali ufa wa anankafumbwe kapena zitosi za makoswe. Kuwerenga kotere kumatenga madzulo amodzi. Dzina la munthu likaipitsidwa pabwalo limatenga zaka kuti liyere, ndipo nthawi zina mwini wake amafa lisanayere.

Funso lija tinayamba nalo likadali ciimire. Tikudziwa mmene mphamvu yokoka imadalira miyeso ya malo, tikudziwa kuti miyeso inayi ikanagwetsera dziko m'dzuwa ndipo iwiri ikanatimana ngakhale mfundo ya luzi. Cifukwa ceniceni cimene miyeso ilili itatu sicinapezeke, ndipo amene akukuuzani kuti wacipeza mumufunse kuti waciyesa motani. Mwina mwa ana amene akuwerenga kabuku kano mudzatuluka wodzacipeza. Pakadali pano, mukamadzafolera nyumba yaikulu kuposa ya caka catha, muwerengetse bwino mitolo ya udzu, ndipo mwana akakufunsani cifukwa cake ikufunika yambiri cotere, mumuuze kuti kuwerenga komweko ndiko kumasunga mwezi pamalo pake.